Yothamanga Koma Yofika Kumudzi: Kusankha Galimoto Yaliwiro ku Ntcheu

 Nkhani ya lero ndi ya galimoto ija imene ikalira pa M1, anyamata a kabaza amasiya kaye kuitanira anthu n'kuiperekeza ndi maso mpaka itakhota: galimoto yaliwiro, yogulidwa itayendapo kale m'manja mwa ena.

Amene amailakalaka ndi anthu odziwa kuwawa kwa ndalama. Ndi mphunzitsi wa kusekondale amene wakhala akusunga kwa zaka, namwino, mnyamata wobwera kuchokera ku Joni ndi kangachepe, kapena wageni amene mbatata ya kachewere yamuyendera bwino chaka chino. Onsewa ali ndi vuto limodzi. Ku Japan kapena ku Ulaya, galimoto yotere kawirikawiri imakhala yachiwiri pakhomo, yotulutsa Loweruka basi. Kuno imakhala yokhayo. Ndiyo ipite kuntchito Lolemba, ndiyo ikatenge mayi odwala pakati pa usiku, ndiyo inyamule azakhali kupita kuchinkhoswe. Kukagwa zovuta kumudzi, palibe adzafunse kuti ili ndi zitseko zingati. Adzangoti, "Achimwene ali ndi galimoto, aimbireni foni."

N'chifukwa chake makaniko wodziwa ntchito, akamuitana kuti akaone galimoto yotere, sayamba ndi kutsegula boneti. Amayamba ndi kugwada n'kusuzumira kunsi.

Aliyense amene anaimapo pamsika wa m'mphepete mwa M1 anachionapo chionetsero ichi. Galimoto yonyezimira, yotsika kwambiri, yafika pa hampu. Dalaivala waima kaye, wapotoza chiwongolero, akulowa chopingasa, tayala limodzi kenako linzake, minibasi kumbuyo ikuimba hutala. Kenako phokoso lija: khwee, chitsulo chikukhula msewu. Nthawi zina okwera kumbuyo amatsika kuti galimoto ipepuke, ogulitsa tomato akuonerera. Chimene chikukhulikacho chikhoza kukhala bampala, chikhoza kukhala paipi ya ekizozi, koma chikhozanso kukhala sampu, mphika wa oyilo umene umakhala pansi penipeni pa injini. Sampu ikabooka, oyilo amathera pamsewu, ndipo dalaivala akachedwa kuona nyali yofiira, injini imagwirana. Ndiye kuti yatha.

Manambala ake ndi awa. Toyota 86, imene inatuluka mu 2012 pamodzi ndi mapasa ake Subaru BRZ, mimba yake imatalikirana ndi nthaka masentimita 13. Galimoto wamba monga Honda Fit kapena Corolla Axio zimakhala pafupifupi masentimita 15. Subaru Forester imafika pafupifupi masentimita 20. Kusiyanaku kumaoneka kochepa pa pepala, koma ku Ntcheu, kumene misewu yambiri yopatuka pa tala ndi yafumbi, yokumbika ndi madzi a dzinja, yokhala ndi mtumbira pakati pomwe ngolo ndi malole zasiya, masentimita awiri okha amasiyanitsa wofika pakhomo pa makolo ake ndi wosiya galimoto pasukulu n'kumalizira ulendo pa njinga yamoto. Choipitsitsa n'chakuti anyamata a ku Japan amakonda kutsitsa dala galimoto zaliwiro poika masipuling'i aafupi. Pachithunzi zimaoneka bwino zedi. Wogula aone ngati mashoka ndi masipuling'i ali a fakitale, ndipo ngati anasinthidwa, awerengeretu mtengo wobwezeretsa akale.

Matayala ndiye nkhani ina yaikulu, ndipo ambiri sadziwa kuwerenga zolembedwa m'mbali mwake. Tayala lolembedwa 215/45R17, ngati limene limabwera pa Toyota 86 zambiri, ndi lotambalala mamilimita 215, ndipo khoma lake ndi 45 peresenti ya kutambalalako, kutanthauza pafupifupi masentimita 10. Tayala la 195/65R15 khoma lake limayandikira masentimita 13. Khoma lalifupi limapangitsa galimoto kumvera chiwongolero msanga pokhota, ndipo m'pamene pamachokera kukoma kwake. Koma likagwera m'dzenje la pa tala, mphira ulibe pothawira: tayala limatupa chotupa m'mbali, kapena rimu imapindika. Tayala la mainchesi 14 kapena 15 munthu amalipeza pa boma pompano. La mainchesi 17 kapena 18 lokhala ndi khoma lalifupi nthawi zambiri limafuna ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo galimoto zambiri zaliwiro zimabwera zopanda sipeya weniweni, mumangokhala kasipeya kowonda kapena botolo la mankhwala omatira. Pa tayala palinso manambala anayi osonyeza nthawi imene linapangidwa: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Ndipo likalembedwa kuti Studless, ndi tayala la m'chipale chofewa. Mphira wake ndi wofewa, pa tala yotentha ya mu Okutobala limatha msanga ndiponso silimanga bwino buleki.

KANYIMBO

Tsopano kukoma kumene anthu amakufunako kumachokera pati?

Msewu wa M1 m'boma lino si wa liwiro lalikulu. Kuchokera pa boma kukwera cha ku Mlangeni, Biriwiri ndi Lizulu, msewu umakwera n'kutsika, umakhota, ndipo mbali ina umayenda m'malire enieni, kuno Malawi, tsidya la msewu Mozambique. Pamakhala malole olemera, njinga, mbuzi, ana a sukulu, ndipo mu Juni ndi Julaye nkhungu imatseka kumtunda m'mawa. Galimoto zopangidwira msika wa ku Japan zinatsekeredwa kuti zisapitirire makilomita 180 pa ola, koma liwiro limenelo mulibe malo ake m'boma la Ntcheu. Galimoto ikamayenda makilomita 100 pa ola, imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda womangira buleki umawirikiza kanayi. Anthu a pa Kampepuza sanaiwale chaka cha 2019, pamene lole inalowerera pamsika n'kupha anthu oposa khumi. Inali lole, inde, koma msika wake ndi womwewo umene galimoto yaliwiro imadutsapo.

Pa msewu wotere chimene chimasangalatsa dalaivala ndi kupepuka kwa galimoto, chiwongolero chomvera, buleki yodalirika, ndi giya ya pamanja imene munthu amatsitsa yekha pofika pachitunda n'kumva injini ikuyankha. Tiyerekeze ziwiri. Suzuki Swift Sport ya 2011 ili ndi injini ya malita 1.6 yotulutsa mahosipawa 136, ndipo imalemera makilogalamu pafupifupi 1,050. Toyota Mark X yoyamba, ya 2004, ili ndi injini ya V6 ya malita 2.5 yotulutsa mahosipawa 215, koma imalemera pafupifupi makilogalamu 1,500. Mukagawa, hosipawa iliyonse ya Swift imakoka makilogalamu osakwana 8, ya Mark X imakoka 7. Kusiyana kulipo, koma n'kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa mafuta, msonkho ndi matayala. Pamakhota a kumtunda, kakang'onoko ndi kamene kamamusekeretsa dalaivala.

Choncho gulu loyamba loyenera kuliganizira ndi la galimoto zazing'ono za zitseko zisanu zimene fakitale inazinola. Pa zonse, yosavuta kukhala nayo ndi Toyota Vitz RS. Mphamvu zake ndi mahosipawa pafupifupi 110 okha, ndipo okonda kudzitama amaiseka. Koma injini yake ya malita 1.5, yotchedwa 1NZ-FE, ndi yomweyo imene ili mu Probox, mu Sienta, mu Fielder ndi mu Axio zambiri. Magalaja ambiri anaitsegulapo kale injini imeneyi. Mapulagi, makoyilo, pampu ya madzi, fyuluta ya oyilo, zonse zimapezeka tsiku lomwelo, ndipo injiniyi imayendera tcheni, osati lamba wofuna kusinthasintha. Munthu akapeza ya giya ya pamanja, wapeza galimoto yoseweretsa Lamlungu imene Lolemba siimudandaulitsa.

Honda Fit RS imaiposa mphamvu ndi malo. Ya 2007 imatulutsa mahosipawa 120, ya 2013 imatulutsa 132 ndipo ilipo ya magiya asanu ndi limodzi a pamanja. Akatswiri a Honda anaika thanki ya mafuta pansi pa mipando yakutsogolo, motero mipando yakumbuyo imagona mpaka kufanana ndi pansi pa buti. Matumba a mbatata ogula pa Tsangano Turn-off amalowa popanda kukangana. Wogula angosamala posankha pakati pa ya pamanja ndi ya otomatiki ya mtundu wa CVT, chifukwa CVT imafuna oyilo wakewake, ndipo ambiri anaipha poithira oyilo wa otomatiki wamba. Swift Sport ndiyo yokoma kuyendetsa kuposa ziwirizi, koma buti yake ndi yaying'ono, masipeya ake si ochuluka ngati a Toyota, ndipo ku Japan analembera kuti izimwa petulo wapamwamba.

Nkhani ya petuloyi tiikhalire pang'ono, chifukwa ogulitsa galimoto saitchula. Ku Japan pampu zimagulitsa petulo wa mitundu iwiri, wamba ndi wa okiteni wokwera. Ku Malawi kuno petulo ndi wa mtundu umodzi, ndipo amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Dziko lino linayamba kuchita zimenezi mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, ndipo kenako kunabwera ina ku Chikwawa. Injini yofuna okiteni wokwera ikalandira wochepera, mafuta amaphulika nthawi isanakwane, ndipo pokwera chitunda pamamveka kulira ngati timiyala tikugubuduzika m'chitini. Injini zamakono zili ndi kachipangizo komva kugogodako, kompyuta n'kubweza mphamvu kuti iteteze injini. Mwini wake analipira mahosipawa onse koma akuyendera ena okha. Pali chinthu chimodzi chimene chimathandiza anthu a kumtunda. Malo akakwera, mpweya umapepuka, injini yopanda tebo imataya pafupifupi 10 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 1,000 aliwonse, koma imayambanso kupirira petulo wa okiteni wotsikirapo. N'chifukwa chake ku Johannesburg amagulitsa petulo wa 93 pambali pa wa 95, pomwe ku Durban kunyanja amagulitsa wa 95. Injini ya tebo ilibe mpumulo umenewu, popeza tebo imapopera mpweya mokakamiza kaya kumtunda kaya kuchigwa. Wogula ya tebo adziwiretu kuti wagula injini yosankha chakudya, m'dziko limene nthawi zina anthu amagona pamzere wa mafuta n'kumagula a m'zigubu osadziwa chimene chathiridwamo.

KANYIMBO

Gulu lachiwiri ndi la galimoto za zitseko zinayi zokankhidwa ndi matayala akumbuyo, ndipo apa dzina limene limatuluka msanga pakamwa pa anyamata ndi Altezza. Toyota inapanga Altezza kuyambira 1998 mpaka 2005. Ku Ulaya inkagulitsidwa ngati Lexus IS200. Ilipo ya mitundu iwiri ikuluikulu. AS200 ili ndi injini ya masilinda asanu ndi limodzi yotulutsa mahosipawa 160, yofatsa ndi yolira mokoma. RS200 ili ndi injini ya masilinda anayi imene Yamaha inathandiza kukonza, ndipo ya giya ya pamanja imafika mahosipawa 210. Ndi galimoto yabwino, yokwana banja, yokhala ndi buti. Vuto lake ndi msinkhu. Altezza yomaliza kutuluka m'fakitale inakwanitsa kale zaka 20, ndipo zambiri zimene zikugulitsidwa m'dziko muno zadutsa m'manja mwa eni atatu kapena anayi, aliyense anaigula kuti aithamangitse. Mabushi amakhala atatha, difu ikulira, mapaipi a mphira atauma. Yosamalika ikapezeka ndi yogula. Yotsika mtengo modabwitsa ili ndi chifukwa chake.

Mark X, imene inapangidwa kuyambira 2004 mpaka 2019, ndi ya munthu wofuna ulemu pamodzi ndi mphamvu. Pa ulendo wa ku Blantyre kudzera pa Zalewa imayenda mosalala, apongozi kumbuyo n'kugona tulo. Chinthu chimodzi chimene ogula ambiri sadziwa: ya malita 2.5 ya m'badwo wachiwiri, kuyambira 2009, Toyota inaitsitsa mphamvu pang'ono kufika pa mahosipawa 203 kuti izimwa petulo wamba. Kwa munthu wa kuno, imeneyo ndiyo yoyenera kuposa yoyamba ija. Koma ndi yaitali, ndi yotsika, ndipo m'matope a mu Januwale matayala akumbuyo amangozungulira pamalo amodzi.

Kwa amene kwawo ndi kutali ndi tala, dzina lake ndi Subaru. Mbiri yake inachokera m'fumbi ndithu. Colin McRae anakhala katswiri wa dziko lonse wa mipikisano ya m'misewu yafumbi mu 1995 akuyendetsa Subaru Impreza, ndipo mu 1997 anapambana Safari Rally ya ku Kenya ndi galimoto ya mtundu womwewo. Impreza WRX, Legacy ya tebo ndi Forester ya tebo zimakoka ndi matayala onse anayi, ndipo Forester imawonjeza msinkhu uja wa masentimita 20 ndi buti yaikulu. Munthu wogwira ntchito pa boma koma wolima ku Tsangano sangapeze ina yophatikiza liwiro ndi ntchito ngati imeneyi. Koma Subaru ili ndi malamulo ake atatu osakambirana. Injini yake ya EJ20 imayendera lamba wa taiming'i amene amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo akaduka injini ikuyenda, mavavu amagundana ndi mapisitoni. Ku Japan amamata kapepala pa injini kosonyeza makilomita amene lambayo anasinthidwira, ndipo kakasowa, wogula asinthe lambayo asanayende ulendo wautali. Matayala onse anayi ayenera kukhala a saizi imodzi ndiponso otha mofanana, apo ayi magiya ogawa mphamvu pakati amavutika. Chizolowezi chogula tayala limodzi la kaunjika lero, lina mwezi wamawa, chimaiwononga. Ndipo tebo imafuna oyilo wabwino wosinthidwa nthawi yake. Mafuta nayonso imamwa ndithu, ndipo si makaniko aliyense amene amaidziwa injini yogona chammbali imeneyi.

Nanga zija zenizeni, za zitseko ziwiri? Mazda MX-5, imene ku Japan amaitcha Roadster, inatuluka mu 1989 ndipo pofika 2016 anali atapanga 1 miliyoni. Ndi yopepuka, yosavuta kukonza, denga limatsika. Ili ndi mipando iwiri basi, ndipo m'buti mumalowa zikwama ziwiri zazing'ono. Toyota 86 ili ndi mahosipawa 200 ndi mipando inayi, koma yakumbuyoyo ndi ya ana aang'ono kapena chikwama. Zambiri zopangidwa mu 2012 ndi 2013 zinaitanidwanso kukasinthidwa masipuling'i a mavavu, motero wogula afunse ngati ntchitoyo inachitika. Zonse ziwiri ndi galimoto zabwino kwa munthu amene ali kale ndi ina pakhomo. Kwa wa galimoto imodzi, zimabweretsa mafunso ambiri kubanja kuposa chisangalalo.

Pali imodzi yoyenera chenjezo lapadera. Mazda RX-8, yopangidwa kuyambira 2003 mpaka 2012, imaoneka yotchipa pa masamba a intaneti ogulitsa galimoto. Ndi yokongola, ili ndi zitseko zinayi, ndipo pa pepala injini yake ndi ya malita 1.3 okha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Injini yake ilibe mapisitoni. Muli zitsulo ziwiri za makona atatu zozungulira. Imawotcha oyilo mwadala monga mmene anaipangira, imamwa mafuta ngati galimoto yaikulu, ikazimitsidwa isanatenthe imakana kulira, ndipo timano ta m'makona a zitsulo zozungulirazo tikatha, pamafunika katswiri ndi zipangizo zimene galaja wamba ilibe. Ulendo wochokera pa boma kupita ku Lilongwe ndi kubwerera ndi makilomita pafupifupi 320. Galimoto yoyenda makilomita 15 pa lita imodzi imafuna malita 21. Yoyenda makilomita 7 imafuna malita 46. RX-8 ili kufupi ndi nambala yachiwiriyo.

Obwera ku Joni amakonda Volkswagen Golf GTI, ndipo alibe mlandu: ya m'badwo wachisanu ili ndi mahosipawa 200, zitseko zisanu ndi buti yokwanira. Ndi ya tebo, choncho nkhani ya petulo ija ikuikhudza, ndipo giyabokosi yake ya DSG imafuna oyilo watsopano pa makilomita 60,000 aliwonse komanso makaniko wokhala ndi kompyuta yoiwerenga. Pa galimoto iliyonse yochokera ku South Africa, chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa chioneke ndalama isanatuluke m'thumba.

KANYIMBO

Pali njira ziwiri zogulira: kuitanitsa kunja kapena kugula imene ili kale m'dziko muno.

Woitanitsa ku Japan, kudzera ku makampani monga Be Forward ndi SBT, ali ndi mwayi umodzi waukulu: ku Japan nakonso amayenda kumanzere, chiwongolero chili kumanja, ndipo galimoto kumeneko zimapimidwa mokhwima pakatha zaka zitatu zoyamba, kenako zaka ziwiri zilizonse. Koma mtengo wa pachithunzi ndi chiyambi chabe. Pali ndalama ya sitima kufika ku Dar es Salaam, ya padoko, ya ejenti, ya dalaivala ndi mafuta, ndiyeno msonkho wa MRA, umene umakwera injini ikakula ndiponso galimoto ikakalamba. Galimoto yaliwiro yakale ya injini yaikulu imagundidwa mbali zonse ziwiri. Zonsezi zimawerengedwa potsatira dola, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali ndi galimoto panyanja masiku amenewo anapeza msonkho utawathawa. Wanzeru amafunsa MRA kapena ejenti wovomerezeka kuchuluka kwa msonkho asanatumize ndalama, osati galimoto itafika kale pa Songwe.

Palinso ulendo wokha. Kuchokera ku Dar es Salaam, kudutsa pachipata cha Songwe, kukwera Chiweta, mpaka kufika ku Ntcheu ndi makilomita oposa 1,600. Pa ulendowu, galimoto zoitanitsazi, za nambala ya IT, zimayendetsedwa ndi anthu olipidwa pa ulendo, ofuna kufika msanga kuti akatenge ina. Kumupatsa munthu wotere galimoto ya tebo yotsika n'kuika mtima m'malo ndi kulimba mtima kwakukulu. Amene angathe, apite yekha kapena atume munthu womudziwa, ndipo oyilo ndi madzi zionedwe galimoto isanatuluke mu Dar es Salaam.

Galimoto zogulidwa pa okishoni ku Japan zimakhala ndi pepala la woyendera. Giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 ili ndi zilema zooneka, ndipo chilembo R chikutanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pa galimoto zaliwiro chilembo R chimapezeka kawirikawiri. Zochokera kumadera a chipale chofewa monga Hokkaido zimakhala ndi dzimbiri kunsi chifukwa cha mchere umene amathira m'misewu. Ndipo popeza ino ndi pulogalamu ya pawailesi, tinenenso ichi: mawailesi ambiri a m'galimoto za ku Japan amagwira kuyambira 76 mpaka 90 pa FM, pomwe nyumba zambiri zoulutsira mawu za kuno zili pamwamba pa 90. Pamafunika kachipangizo kowonjezera kapena wailesi ina, apo ayi mwini wake azingomva injini.

Wogula ya m'dziko muno ali ndi mwayi woiona ndi maso, ndipo mwayiwo augwiritse ntchito m'mawa. Apangane ndi wogulitsa kuti galimoto isalizidwe iye asanafike, ndipo akafika aike dzanja pa boneti. Ikakhala yofunda, pali chimene chikubisidwa, chifukwa injini yodwala imaulula matenda ake ikamalira koyamba kukuzizira. Wina alize, wogula aime kumbuyo. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa, ndipo pa galimoto ya tebo kawirikawiri ndiye kuti tebo yatha. Utsi woyera wosaleka injini itatentha ndi madzi akulowa m'masilinda. Atsegule chitsekerero cha oyilo n'kuchitembenuza: phala loyererako ngati la mkaka limasonyeza kuti madzi ndi oyilo zikusakanikirana. Ayang'ane mphira wa pa mapedulo ndi chikopa cha chiwongolero. Galimoto yolemba makilomita 60,000 koma pedulo ya kilatchi itasalala mpaka chitsulo kuonekera, makilomita ake anabwezedwa. Pa mayeso a pamsewu, aike giya yachinayi pa liwiro lochepa n'kuponda mafuta: injini ikakwera kulira galimoto osawonjeza liwiro, kilatchi yapita. Ekizozi yaphokoso, fyuluta ya mpweya yooneka ngati bowa ndi mawaya achilendo pansi pa dashibodi zimanena za moyo umene galimotoyo yakhala.

Zikatero n'kubwera ku mapepala. Nambala ya chesisi yosindikizidwa pa chitsulo ifanane ndi ya mu blue book, chilembo ndi chilembo. COF ndi inshuwalansi zikhale zamoyo, ndipo wogula ndi wogulitsa apitire limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini, osangolemberana kalata pa bawo. Inshuwalansi ya third party ndiyo imene lamulo limakakamiza, koma siilipira galimoto ya mwini wake ikaphwanyika. Ndalama zonse zisathere pa kugula. Gawo lina litsale la oyilo, mabuleki, lamba ndi matayala, popeza galimoto yakale iliyonse imayamba ndi kupempha.

Tikaika zonse pamodzi, kwa munthu wa galimoto imodzi wokhala pa boma kapena m'mphepete mwa M1, Honda Fit RS kapena Toyota Vitz RS ya giya ya pamanja, ya masipuling'i a fakitale ndi matayala a khoma lokwanira, ndiyo yoyenera ndalama zake. Wa thumba lokulirapo wofuna yaikulu atenge Mark X ya kuyambira 2009. Wa ku Tsangano ndi madera ena a misewu yafumbi atenge Forester, ngati ali ndi makaniko woidziwa ndi ndalama ya mafuta. RX-8 aisiyire amene ali ndi galaja yawoyawo.

Omvera amene mukupita kukaona galimoto sabata ino, tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa, mumulipire tsiku lonse, ndipo mufike dzuwa lisanakwere.